Ndalama za Sukulu ku Mambwe Ziwerengedwe Pamaso pa Anthu

M'caka ca 2022 Boma linakweza thumba la CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'dera la phungu aliyense, ndipo linathetsanso malipiro a sukulu. Ana anasefukira m'makalasi. Tsono ku Malambo kuno, ndani ayenera kusankha sukulu yoyamba kukhomedwa malata?

Cigwa ca Luangwa cili nalo kale yankho. Mu 1996, pansi pa LIRDP, ndalama zimene alenje acilendo ankalipira posaka nyama ku Lupande zinayamba kuperekedwa kumisonkhano ya m'midzi ya mafumu Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Msoro ndi Malama. Eni mudzi anagamula okha, ndipo makalasi ndi nyumba za aphunzitsi zinamangidwa. Munthu amene waumba njerwa ndi manja ake salola simenti kusowa.

Conco atsogoleri a nthambi za cipani asadikire kontrakitala. Aitanitse misonkhano dzinja likangotha, mtengo wa thumba lililonse la simenti uwerengedwe poyera, ndipo komiti ya wadi inyamule zofuna za makolo kupita nazo ku khonsolo. Akazengereza, mvula idzatseka mseu wa kwa Malama malata akali ku Chipata.