Mpopi si mphika

Tonsefe tinakula tikudziwa kuti chinthu chimayera ukachikwecha mwamphamvu. Mphika wa nsima umafuna mchenga kapena phulusa kuti uwale, ndipo pamenepo palibe mlandu. Vuto limayamba mwambowu ukalowa m'bafa, pa mipopi ndi zogwirira zitseko zamakono zotuwirako zija, zomwe ogulitsa amazitcha brushed nickel.

Mpopi wotere si nickel yekhayekha. Nthawi zambiri mkati mwake ndi mkuwa wosakaniza ndi zinc, ndipo nickel amangoukuta pamwamba mopyapyala kwambiri, kenaka amaukanda timizere tolowera mbali imodzi kuti usamanyezimire ngati kalilole. Waya wokwechera mapoto, Vim ndi Jik zimadya chikutocho. Chikatha chatha, ndipo mpopi wina ugulidwa ndi ndalama zomwe makolo athu amavutikira polipira fizi.

Nanga mawanga oyera omwe amachititsa munthu kuthamangira waya aja? Si litsiro ayi. Madzi, makamaka a pamjigo, amakhala ndi calcium ndi magnesium. Dontho likauma, madziwo amapita koma mcherewo umatsala, womwe uja timauona utakakamira pansi pa ketulo. Choncho mankhwala enieni ndi kupukuta madzi asanaume okha.

Tikupempha a komiti yoona za ukhondo m'mahositelo kuti pa ndandanda ya ntchito awonjezerepo kansalu kouma. Malaya akale a thonje ndi okwanira. Wina anena kuti mpopi umodzi umagwidwa ndi anthu ambirimbiri, ndani angamapukute nthawi zonse? N'zoona. Koma kamodzi madzulo, onse atasamba, n'kotheka, ndipo mchere wa tsiku limodzi umachoka ndi sopo wotsukira mbale ndi madzi ofunda basi.

Mawanga akakhalitsa, viniga amathandiza chifukwa asidi wake amasungunula mcherewo. Timusakanize ndi madzi muyeso wofanana, tinyowetse kansalu, tipukute motsata timizere tija, kenaka titsukuluze ndi kuumitsa pompo. Kumusiya usiku wonse, monga ena amalangizirana, n'kuwononga, chifukwa asidi yemweyo akachedwa amathimbiriritsa chitsulocho.

Ife a maphunziro a zauphunzitsi nkhaniyi ikutikhudza kawiri. Posachedwa tidzakhala tikugawa ntchito ya m'mawa kwa ana a Fomu 1, ndipo mwana ukangomuuza kuti "katsuke mpopi uwale" osamupatsa kansalu, adzapita kuseri kwa khitchini kukatapa mchenga.