Timiphika ta Ana ku Woodlands

Loweruka lapitali, pa phwando lokumbukira kubadwa kwa mwana wa mnzanga ku Woodlands, sindinaone chibaluni chodumphapo chija chafala m'makomo a ku Kabulonga. Ndinapeza ana ali pa mphasa pansi pa mtengo wa mango, atavala malaya akale a atate awo, akupaka utoto timiphika tadothi. Woyendetsa zonsezi ndi mayi wa ku Chelstone, mphunzitsi mkati mwa sabata, amene amagula utoto ndi maburashi ku Kamwala n'kumalipiritsa pa mwana aliyense. Geni yakeyi ndaikonda, chifukwa mwana amabwerera kwawo atanyamula chimene wapanga ndi manja ake. Chondidetsa nkhawa ndi mtengo. Makolo ambiri kujambula amakuyesa masewera, ndiye amanenerera mpaka phindu lonse kutha, osaganizira thiransipoti, utoto wotayika ndi kutsuka maburashi usiku. Mayiyu asachite manyazi kutchula mtengo wokwanira, alembetse dzina la bizinesi ku PACRA, ndipo nthawi zina aziitana amisiri a ku Kabwata Cultural Village, amene amaswera pa Burma Road kudikira alendo akunja, adzaonetse ana kusema, n'kuwalipira bwino.