Ndemanga: Adasintha chikwangwani, chitonzo n'chomwe chija

Chaka ndi chaka, zotsatira za mayeso a sitandade 8 zikatuluka, m'tinjira ta ku Makata mumamveka phokoso la mitundu iwiri. Pakhomo pamene mwana wasankhidwira ku sekondale yogonera komweko pamamveka nthungululu, nkhuku imafa, ndipo amalume amene sadaonekeko chaka chonse amatulukira atanyamula sutikesi. Pakhomo loyandikana nalo, pamene mwana wasankhidwira ku sekondale yoyendera ya m'dera, ija timangoti CDSS kapena komyuniti, anthu amalankhula motsitsa mawu ngati pagwa zovuta. "Bola wapeza pokhala," amatero. Ena amafika ponena kuti pepani.

Pepani wa chiyani, abale, mwana atakhoza mayeso? Ana onse awiriwa adalemba mayeso amodzi a MANEB, onse adakhoza, ndipo onse adasankhidwa ndi unduna umodzi. Koma mmodzi ayamba fomu 1 akuyenda chamgogodo, mnzake ayamba atazolika, yunifolomu ili m'jumbo kuti akavalire pafupi ndi sukulu, anthu a m'njira asadziwe kumene akupita.

Chitonzo chimenechi chili ndi mbiri yake, ndipo awerengi athu achikulire akuidziwa bwino kuposa ife. Mu 1965, patangotha chaka dziko lino litalandira ufulu wodzilamulira, boma lidakhazikitsa Malawi Correspondence College kuti ana amene asowa malo ku sekondale aziphunzira kudzera m'makalata. Mu 1987 dzina lidasintha n'kukhala Malawi College of Distance Education, MCDE. Ana ankasonkhana m'zipinda zobwereka, mwina za pulayimale, mwina za mpingo, n'kumawerenga timabuku tija ankati maseti. Amene ankawayang'anira adali aphunzitsi a pulayimale. Aliyense ankadziwa kuti kunena kuti "mwana wanga ali pa MCDE" kudali kuvomereza kuti sadasankhidwe. M'zaka zomwezo, mu 1981, a Ngwazi adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, kumene ana ochepa ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki pamaso pa aphunzitsi achizungu okhaokha. Dziko limodzi, ana a mtundu umodzi, koma ena pa kapinga wothiriridwa, ena pansi pa mtengo ndi seti yong'ambika.

Inu amene mudabwerera kumudzi chikhululukiro cha 1993 chitaperekedwa, kuchokera ku Lusaka, ku Dar es Salaam, ku Harare ndi ku London, mudzakumbukira kuti tsankho la pa maphunziro lidali limodzi mwa milandu imene munkazenga boma la chipani chimodzi. Maepiskopi a Katolika, m'kalata yawo ija idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, adadandaulanso za kuchuluka kwa ana m'makalasi, kuchepa kwa aphunzitsi ndi kusalingana kwa mwayi wa maphunziro. Patangopita miyezi iwiri, mu Meyi, antchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead, konkuno ku Makata, adanyanyala ntchito, moto udafalikira mzinda wonse wa Blantyre, ndipo anthu adafa ndi zipolopolo. Amene adatuluka m'mafakitale tsiku limenelo sadali makolo a ana a ku Mtunthama. Adali makolo a ana a pa MCDE.

Nanga matipate adawabweretsera chiyani ana amenewa? Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi lidachotsa fizi ya ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chidalumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Chimenecho chidali chinthu chabwino, sitikana. Koma wakhungu yemwe akadaona kuti khamu limeneli tsiku lina lidzagogoda pa chitseko cha sekondale. Yankho la unduna lidabwera mu Disembala 1998: malo onse aja a MCDE adasandutsidwa Community Day Secondary Schools. Chikwangwani chidapentedwa mwatsopano. Zipinda zidali zomwe zija, aphunzitsi omwe aja, labotale padalibe, laibulale padalibe. Kusiyana kwake kudali kwakuti tsopano ana ankachita kusankhidwira kumeneko ndi boma, ndipo boma lidayamba kuwawerenga pa chiwerengero cha ana amene lawapatsa sekondale. Lero ana ambiri a m'sekondale za boma ali m'sukulu zimenezi. Amene tikuwanenera pepani ndiwo unyinji wa mtundu wa mawa.

Pano mundilole, awerengi okondedwa, ndisiye kaye mawu akuti "ife" amene ndemanga imalankhulira, chifukwa nkhaniyi ndidaivala pathupi. Ndidakulira ku Makata. Pa sukulu ya pulayimale imene ndidaphunzira, kalasi yathu ya sitandade 8 tidalimo oposa 100, ena titakhala pa simenti. Mu 2011 dzina langa lidatuluka pa sekondale ina yoyendera ya m'dera. Bambo anga, amene nawonso adadutsira pa MCDE m'masiku awo, adayang'ana pepalalo nthawi yaitali n'kungoti, "Basi, ndi njira yomweyo." Azakhali adalangiza kuti ndibwereze sitandade 8 kumudzi, ndisinthe dzina, ndiyesenso mwayi. Ndikudziwa anzanga amene adatero, ndipo mpaka lero akuyenda ndi mayina a eni.

Ndisaname, moyo wa pa sukulu ija sudali wa misozi yokhayokha. Tinkagawana chinangwa ndi zitumbuwa pa buleki, tidali ndi timu ya mpira imene inkaopedwa, ndipo tinkabwerekana buku limodzi la Biology anthu khumi ndi awiri, aliyense usiku wake. Tidali ndi mphunzitsi wa masamu, wophunzira za uphunzitsi wa pulayimale, amene ankawerenga usiku zimene adzatiphunzitse m'mawa, ndipo akakanika funso ankatiuza poyera kuti tilipeze limodzi. Munthu ameneyo ndimamulemekeza kuposa madokotala ena a maphunziro amene ndidakumana nawo pambuyo pake. Koma za sayansi tinkangomva ngati nthano. Mphunzitsi ankajambula botolo pa bolodi n'kutiuza kuti tiyerekeze kuti madzi asanduka ofiirira. Tinkaloweza mtundu wa chinthu chimene sitidachionepo.

Chowawa chenicheni chinkabwera pa holide, anzathu a ku sukulu zogonera akabwera. Ankayenda m'magulu pa msika wa Ndirande atavala majuzi a sukulu zawo ngakhale dzuwa likuswa mtengo, akulankhula Chingerezi chokweza. Akatifunsa kuti uli kuti, tinkayankha mozemba, "Ndili konkuno." Ku tchalitchi, polengeza za ana a sekondale, mayina a sukulu zawo ankatchulidwa bwinobwino, ife tinkangokhala "ndi ena onse". Blantyre Secondary School, sekondale yoyamba m'dziko muno imene idatsegulidwa mu 1940, ili pa mtunda woti mwana wa ku Ndirande n'kuyenda wapansi. Kwa ife idali kutali ngati ku Ulaya.

Nditakhoza bwino JCE mu 2013, amalume anga adayenda m'maofesi, adagwada pamene padafunika kugwada, mpaka adandipezera malo a fomu 3 pa sukulu ina yogonera komweko m'boma lina. Tsiku loyamba mu labotale mphunzitsi adandipatsa chida choyezera madzi. Ndidachigwira mozondotsa. Kalasi yonse idafa nacho chiseko, ndipo mphunzitsiyo adati, "Musamuseke, ngwa ku komyuniti." Dzina limenelo lidandimatirira zaka ziwiri, ngakhale teremu imene ndidakhala nambala 3. Ndidafika ku yunivesite, ngakhale sindidamalize chifukwa ndalama zidatha pa njira, ndipo kumeneko nako funso loyamba pakati pa ophunzira atsopano lidali lomwelo: udachokera sukulu iti?

Koma nkhani imene imandisowetsa tulo ndi ya mtsikana wina amene tidali naye kalasi imodzi. Pa JCE adandiposa. Amalume oyenda m'maofesi iye adalibe. Adatsala, adalemba MSCE popanda kugwirapo chida chilichonse cha sayansi kufikira sabata ya mayeso, ndipo mapointi ake sadakwane. Lero amagulitsa kaunjika. Tikakumana amandipatsa moni wa ulemu ngati ndine bwana, pamene tonse awiri tikudziwa amene ankathandiza mnzake masamu.

Tibwerere ku "ife". Onani mmene makinawa amayendera. Ana amene apeza malikisi apamwamba pa sitandade 8 amatengedwa ndi sukulu za dziko lonse monga Blantyre, Dedza, Lilongwe Girls ndi Mzuzu Government. Otsatira amapita ku sukulu zogonera za m'maboma ndi zoyendera zikuluzikulu. Otsala ndiwo amapita ku CDSS. Ndiye kuti mwana amene akufunika thandizo lochuluka ndi amene timamutumiza kumene kuli mabuku ochepa ndi aphunzitsi ochepa a dipuloma kapena digiri. Pakatha zaka zinayi zotsatira za MSCE zimatuluka, sukulu za m'dera zili pansi pa sukulu zinazo, ndipo tonse timagwedeza mitu n'kumati, "Mwaona, ana a ku komyuniti ndi mbuli." Kumumanga munthu miyendo, kenaka n'kumuseka kuti sathamanga! Ndipo musaiwale kuti malikisi a sitandade 8 aja amakondera kale mwana amene kholo lake lidalipira pulayimale ya pulaiveti kapena maphunziro apadera a madzulo. Mwana wa mlonda wa pa fakitale ya ku Makata amayamba mpikisano anzake ali kale pakati pa bwalo.

Manyazi amenewa amadya ndalama za amphawi. Alipo makolo amene amakatenga katapila kuti mwana achoke pa CDSS apite ku kasukulu ka pulaiveti ka m'nyumba imene kale idali golosale, kumene maphunziro ake ndi oipirapo, pofuna kuti dzina la komyuniti lichoke pakhomo. Mu 2015 boma la a Peter Mutharika litayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja a m'madera, mawu omwewo akuti komyuniti adawatsatira, ndipo mpaka pano alipo makolo amene amaona mwana wophunzira zamagetsi kapena zomangamanga kumeneko ngati wolephera, ngakhale ndi iye amene amagula ufa pakhomo pamene wa digiri akuyenda ndi envulopu mu Victoria Avenue.

Sitikunena kuti palibe chimene chachitika. Domasi College of Education yakweza aphunzitsi ambiri a m'sukuluzi kufika pa dipuloma, Nalikule College of Education idatsegulidwa mu 2017 kuti iwonjezere aphunzitsi a sekondale, ndipo sukulu zina za m'dera tsopano zili ndi labotale. Alipo ana a CDSS amene amapeza mapointi ochititsa kaso n'kulowa ku MUBAS, ku KUHeS kapena ku MUST. Koma tisabisale kumbuyo kwa ana ochepawa. Nkhani zawo zimalembedwa m'nyuzipepala chifukwa n'zodabwitsa, ndipo kudabwa kwathuko ndiwo umboni wa mlanduwu.

Tikupempha unduna wa zamaphunziro zinthu zosafuna ngongole ya ku World Bank. Potulutsa zotsatira za MSCE, utulutsenso pambali pa dzina la sukulu iliyonse chiwerengero cha aphunzitsi oyenera amene ili nawo, ndiponso ngati ili ndi labotale ndi laibulale, kuti mtundu uone amene walephera pakati pa mwana ndi boma. Aphunzitsi atsopano a sayansi ayambe atumizidwa ku sukulu za m'dera. Ndipo malo amene amatseguka pa fomu 3 m'sukulu zogonera alengezedwe poyera, apite kwa ana a CDSS amene akhoza bwino. Mlembi wa ndemanga ino adapindula ndi njira ya amalume, ndipo ndi iye amene akunena kuti njirayo ndi yakuba.

Chovuta kwambiri ndi cha ku yunivesite. Ife tikuti bungwe la NCHE, posankha ophunzira, liziyang'ananso sukulu imene mwana wachokera, chifukwa mapointi 18 opezedwa popanda labotale si ofanana ndi mapointi 18 a mwana amene adali ndi zonse. Tikudziwa kuti ena anena kuti tikuukitsa kota. Mantha awo tikuwamva. Kota idabwera kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, khothi lidaikana mu 1993, idabwereranso mu 2009, ndipo idachotsedwa mu 2020 itasiya mabala, makamaka kwa abale athu a kumpoto. Kota ija inkafunsa kumene agogo ako adabadwira, chinthu chosakhudzana ndi khama la mwana. Ife tikufunsa zimene boma lenilenilo lidampatsa kapena kum'mana mwanayo m'zaka zinayi. Mwana wa CDSS ya ku Chitipa ndi wa CDSS ya ku Bangwe ali mbali imodzi pa funso limeneli.

Ndipo inu akuluakulu amene mudavutikira ufuluwu, ena mwa inu mudakhalapo nduna, aphungu ndi alembi aakulu m'maboma amene atsatizana kuyambira 1994. Ndi angati mwa inu amene mwana kapena mdzukulu wawo adaphunzirapo pa CDSS? Akulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikuitana aphungu ndi makhansala a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri kuti teremu ikubwerayi akakhale pa benchi ya fomu 3 pa sukulu ya m'dera lawo, pa phunziro limodzi lokha la Chemistry, popanda kudziwitsiratu ahedi. Mtolankhani wathu adzapita nawo. A nduna ya zamaphunziro akafuna kutiyankha, tsamba lino ndi lawo sabata yamawa, ndipo yankho lawo tidzalisindikiza lonse osadulako liwu.