Manja Nawo Ali ndi Sukulu Yake

Pali bodza limene lazika mizu m'masukulu mwathu, lakuti ntchito ya manja ndi ya anthu amene cholembera chinawakana. Wonena zotere ayambe waona m'mene ndudu zikuluzikulu zotchedwa cigar zimapangidwira m'mafakitale a ku Estelí, m'dziko la Nicaragua.

Kumeneko amisiri amagwira ntchito aŵiriaŵiri. Woyamba amasakaniza masamba a m'kati: a kunsonga kwa fodya opatsa ukali, a pakati opatsa fungo, ndi a m'munsi othandiza kuti moto usazime. Amawapinda, nawakulunga m'tsamba lomangira, nawaika m'chikombole chathabwa kuti apanikizidwe. Akathinitsa, utsi sudutsa. Akalekerera, ndudu imanyeka ngati udzu. Wachiŵiri, kaŵirikaŵiri mayi, amadula tsamba losalala lakunja ndi kampeni kotchedwa chaveta, nalikulunga mopendeketsa popanda khwinya, namata kumutu ndi ulimbo wa zomera. Mmodzi akaphonya, onse aŵiri avutika pachabe, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Kodi umenewu nkuutcha umbuli?

Ndipo amisiri otere sanadane ndi buku. Mu 1865, pa fakitale ya El Fígaro ku Havana, m'dziko la Cuba, okulunga fodya anayamba mwambo wokhala ndi munthu wowaŵerengera nyuzipepala ndi mabuku iwo akugwira ntchito, ndipo ankamulipira kuchokera m'matumba mwawo. Manja ali pa tsamba, makutu ali pa buku.

Ena adzati ndikutamanda kusuta. Kutalitali! Fodya, kaya ndi cigar kaya ndi chingambwe, amayambitsa khansa ya m'kamwa, ya pakhosi ndi ya m'mapapo. Chimene ndikutamanda ndi luso. Mlimi wa ku Kasungu amakhetsa thukuta chaka chathunthu, koma ku okushoni ya ku Kanengo kilogalamu yonse ya fodya wake imagulidwa madola oŵerengeka, pamene cigar imodzi yokha imatha kupitirira madola 10. Inde, mitundu ya fodyayo njosiyana. Komabe phunziro lake nlimodzi: wogulitsa tsamba amatola nyenyeswa, woliumba ndiye amadya nsima.

Tsono inu ophunzira, lekani kuseka anzanu opita kukaphunzira ukalipentala, kusoka ndi kufufuta zikopa. Thonje, mtedza ndi zikopa zathu zidzapitirira kutuluka m'dziko muno zosakonza, pamtengo wolira, kufikira tsiku limene mwana wokhoza bwino mayeso adzasankhe luso la manja mopanda manyazi.