Begin, start, commence: Chingerezi ndi mawu ake oyambira zinthu

Chingerezi chili ndi mawu ambiri otanthauza kuyamba, ndipo mtanthauziramawu amawandandalika pamodzi ngati ndi ofanana. Kusiyana kwawo kunabwera ndi mbiri ya chinenerocho. Ena ndi akalekale, a mtundu wa Anglo-Saxon. Ena anadza ndi Anormani olankhula Chifalansa amene anagonjetsa England mu 1066, ndipo ena anatengedwa ku Chilatini ndi anthu ophunzira. Kwa zaka zambiri Chifalansa ndicho chinkamveka kunyumba ya mfumu ndi kubwalo la milandu, anthu wamba akulankhula Chingerezi chawo kumunda ndi kumsika. Mpaka lero mawu a Chifalansa ndi Chilatini amamveka a muofesi, pomwe akalewo ndi a tsiku ndi tsiku.

Akalewo ndi begin ndi start. Nthawi zambiri amasinthana popanda vuto: msonkhano, phunziro kapena mvula zimalola onse awiri. Koma start poyamba ankatanthauza kulumpha modzidzimuka, ndipo ndi pachibale ndi startle, kudzidzimutsa munthu. Kudzidzimukako sikunathe. Dalaivala akatembenuza kiyi injini n'kungokhosomola osalira, amati "the car won't start". Kunena begin pamenepo n'kulakwitsa. Wotsegula golosale kapena wokoleza moto nayenso amagwiritsa ntchito start. Begin ndi wofatsa, amayenerana ndi nkhani, kalata kapena kulankhula, zinthu zokhala ndi chiyambi, pakati ndi mathero. Amavutitsa ophunzira chifukwa amasintha katatu, begin, began, begun, ndipo "has began" ndi cholakwa chimene aphunzitsi amachidula ndi cholembera chofiira kawirikawiri.

Commence anachokera ku Chifalansa chakale ndipo kwawo n'kumalamulo. Lamulo likhoza kuvomerezedwa ndi aphungu, mtsogoleri wa dziko n'kulisainira, koma osayamba kugwira ntchito mpaka tsiku loikika, lotchedwa commencement date. M'makontirakiti a ntchito ndi a lendi mawuwa amapezekanso. Kunja kwa malo oterewa amalemera mopanda pake. Wolemba kalata kwa mnzake kuti chakudya chamasana chichita commence nthawi ya 12 koloko amafuna kuoneka wophunzira, koma mwini chinenero amangomwetulira. Chodabwitsa n'chakuti ku America mwambo wopereka madigiri kwa omaliza maphunziro umatchedwa commencement, ngakhale umachitika kumapeto, chifukwa womalizayo ndi pamene akuyamba kukhala mwini digiri.

Initiate, wa Chilatini, amaloza amene waponya phazi loyamba pa chinthu chimene ena adzapitiriza, monga zokambirana za mtendere kapena mlandu wa kukhoti. Tanthauzo lake lachiwiri ndi kulowetsa munthu m'gulu kudzera m'mwambo, n'chifukwa chake mabuku a Chingerezi amatchula chinamwali kuti initiation.

Launch anayamba ndi kuponya mkondo, kenaka anasamukira kudoko, kumene sitima yomangidwa kumene imatsetserekera m'madzi koyamba. Zombo za m'mlengalenga zinatengera pomwepo: Apollo 11 inanyamuka ku Florida pa 16 July 1969, ndipo mawu ofotokoza kunyamukako ndi launch. Lero amagwiritsidwa ntchito pa foni yatsopano, buku, chimbale cha nyimbo kapena kampeni ya chisankho. Chofunika n'chakuti chinthucho chinakonzedwa kale mkati, ndipo tsopano chikutulutsidwa pagulu, atolankhani akujambula. Ntchito yoyamba mwakachetechete siyenera mawuwa, ngakhale olemba zikalata za mabungwe amawakonda kwambiri moti ayamba kusuluka.

Inaugurate ndi wamwambo kuposa onse. Ku Roma wakale kunali ansembe otchedwa augur amene ankayang'ana kauluke ka mbalame kuti adziwe ngati milungu yavomereza munthu kulowa pa udindo. Mbalamezo zinaiwalika, mwambo unatsala. Pulezidenti wa America amalumbira pa 20 January, tsiku limene lakhala likutsatidwa kuyambira 1937, ndipo mwambowo ndi inauguration. Mlatho kapena nyumba ya boma yotsegulidwa ndi akuluakulu podula riboni imalandiranso mawu omwewa.

Embark ankatanthauza kukwera ngalawa, ndipo akatsatana ndi on amanena za ntchito yaitali yosadziwika mathero ake, monga maphunziro a udokotala. Kick off ndi wa pabwalo la mpira, pamene wosewera amenya mpira pakati woimbira ataliza wezulo. Pocheza ndi pa mitu ya nkhani m'nyuzipepala amamveka bwino, koma m'kalata yofunsira ntchito malo ake amatenga begin kapena start.