Chipale Chikatseka Msewu wa Kumapiri

Usiku wa Lachisanu pa 20 Sepitembala 2024, msewu wa N3, umene umalumikiza doko la Durban ndi mzinda wa Johannesburg, unasanduka chigono cha apaulendo. Chipale chofewa, chimene ena amachitcha sinowo, chinagwa chochuluka pa chikweza cha Van Reenen m'mapiri a Drakensberg, ndipo mdipiti wa galimoto unaima chilili pa mtunda wautali. Anthu ambiri anachezera momwemo mpaka tsiku lotsatira. Mayi wina amene anali m'minibasi anamwalira chifukwa cha kuzizidwa. Msewuwu si wachilendo kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia, pakuti madalaivala otenga katundu kudoko lija amadutsa pomwepo.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nyengoyi sinabwere modzidzimutsa. Nthambi yoona zanyengo ya South African Weather Service inali itachenjezeratu. Machenjezo ake amakhala ndi manambala: 1 mpaka 4 ndi achikasu, 5 mpaka 8 ndi a mtundu wa lalanje, pamene 9 ndi 10 ndi ofiira. Nambalayi imapima kukula kwa chiwonongeko chimene chingachitike pamodzi ndi kuthekera kwakuti chichitikedi.

Nanga anthu ananyamukiranji? Mwina chifukwa mu Sepitembala aliyense amayesa kuti chisanu chatha. Komanso munthu wochoka ku Durban amaona nyengo ya kunyanja, osati ya kuphiri. Pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo Van Reenen ali pa mamita oposa 1,600. Mvula yowaza imene ikungonyowetsa malaya kumunsi imakhala chipale pamwamba. Woyenda atavala shati yokha amazindikira zimenezi njira yobwerera itatsekeka kale ndi galimoto za kumbuyo.

Choncho chenjezo lili ndi ntchito ulendo usanayambe. Koma amene ali pachiswe kwambiri ndiwo amalimva pomalizira, ndipo kawirikawiri sakhala ndi mphamvu pa ulendowo. Wokwera minibasi walipira kale. Dalaivala wa lole ali ndi bwana amene akuwerenga maola. Ku Lesotho, dziko limene ngakhale malo ake otsikitsitsa ali pa mamita pafupifupi 1,400, anyamata oweta nkhosa ndi mbuzi amakhala miyezi m'tinyumba ta miyala kutali ndi midzi, ndipo uthenga wolembedwa m'Chingerezi pa foni suwafika. Apa mpamene mlangizi wa zaulimi, mfumu ndi wogwira ntchito zaumoyo m'mudzi amaposa wailesi. Udindo wawo ndi kusandutsa nambala ija kukhala mawu omveka, akuti ziweto zitsike lero, kapena ulendo wa kumsika udikire mkucha. Kungobwereza kuti kuli chenjezo la 6 n'kutaya nthawi.

Amene chipale chamupeza kale panjira asatuluke m'galimoto kukafuna thandizo wapansi, chifukwa m'chipale msewu ndi phompho zimafanana. Injini ailize kwa kanthawi kuti afundidwe, koma ayambe waona ngati paipi yotulutsa utsi sinakwiririke. Ikatsekeka, mpweya wa poizoni wopanda fungo umalowa mkati, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba yotseka. Mowa nawo ndi wonyenga: umatenthetsa khungu uku ukutaya kutentha kwa mkati mwa thupi.

Kuzizidwa koopsa kumayamba kutentha kwa thupi kukatsika pansi pa madigiri 35. Munthu amanjenjemera, lilime limalemera, maganizo amasokonekera, kenaka tulo timamugwira. Kunjenjemera kukaleka iye akadali pozizira, anzake asaganize kuti wapeza bwino, pakuti apo zinthu zaipiratu. Amuvule zonyowa, amufunditse pachifuwa ndi kumutu, amugoneke pakati pa anzake, ndipo ngati akutha kumeza amupatse chakumwa chofunda cha shuga. Makanda ndi okalamba ndiwo amafooka msanga, kotero bulangete likakhala limodzi liyambire iwowo.