Thukuta la ovataimu lisathere m'thumba la bwana

Mukadutsa mumsewu wa Haile Selassie kapena m'sitolo za ku Limbe cha m'ma 6 koloko madzulo, mudzaona zitseko zotseka koma magetsi akuyaka mkati. Anyamata ndi atsikana amene anafika 7 koloko m'mawa amakhala akadali mommo, kuwerenga katundu, kukolopa ndi kutsitsa makatoni. Akamakakwera minibasi ya ku Bangwe kapena Ndirande, kunja kwada kale. Mwezi ukatha, malipiro amakhala omwe aja, osaonjezerapo ngakhale tambala.

Mlamu wanga anagwira ntchito yotere zaka zitatu m'sitolo ina ku Limbe. Tsiku lina atalimba mtima n'kufunsa za maola oonjezerawo, bwana anamulozera pakhomo n'kumuuza kuti ofuna ntchito ndi ambiri. Anakhala chete mpaka tsiku limene anachoka. Chimene chimandiwawa n'chakuti ankaganiza kuti akupempha chifundo, pamene ankafunsa ndalama zake.

Gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko lino limati munthu aliyense ali ndi ufulu wolandira malipiro oyenera. Lamulo la zantchito la Employment Act, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 2000, limanena momveka kuti maola a ntchito asapitirire 48 pasabata. Kwa amene amagwira masiku 6 pasabata, ndiye kuti ndi maola 8 patsiku. Chapamwamba pake ndi ovataimu.

Gawo 39 la lamuloli lagawa ovataimu patatu. Mukapitiriza maola patsiku wamba la ntchito, ola lililonse lilipiridwe kamodzi ndi theka. Mukaitanidwa patsiku lanu lopuma, malipiro a ola amakhala owirikiza kawiri, chimodzimodzinso patsiku la tchuthi cha boma monga 6 July kapena Khirisimasi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti mumalandira K156,000 pamwezi ndipo mumagwira masiku 26. Patsiku ndi K6,000, paola ndi K750. Ola la ovataimu ndi K1,125. Ngati bwana amakusungani maola awiri tsiku lililonse, pamwezi akukudyerani K58,500, ndipo pachaka ndi K702,000. Imeneyi ndi ndalama ya lendi, fizi ya ana ndi feteleza wa amayi kumudzi. Ndiye wina aziti ndi nkhani yaing'ono?

Ndamvapo eni mabizinesi akudandaula kuti malonda sakuyenda, magetsi akuvuta, ndalama zakunja zikusowa. Zimenezi n'zoona ndithu. Koma amene wapanikizika atseke sitolo panthawi yake, anthu aweruke. Sindinamvepo mwini sitolo akukana kulipira lendi kapena msonkho ponena kuti eni nyumba ndi a MRA amvetse. Wokakamizidwa kumvetsa nthawi zonse amakhala wantchito, chifukwa ndiye alibe pothawira.

Alonda ndi antchito a m'nyumba za ku Namiwawa, Nyambadwe ndi Sunnyside ndiwo ali pamoto kwambiri. Mlonda amafika 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, sabata yonse, ndipo ambiri sanaonepo pepala losonyeza mmene malipiro awo awerengedwera. Apa tisaloze chala amalonda okha. Enafe timene timadandaula kuofesi ndife tomwe timadzutsa mtsikana wantchito 5 koloko m'mawa n'kumugoneka 10 koloko usiku.

Nanga munthu atani? Chinthu choyamba ndi umboni. Gulani kope la ana asukulu, muzilembamo tsiku, nthawi yolowera, nthawi yowerukira ndi amene anakuuzani kuti mutsalire. Sungani mapepala a malipiro, kalata yolembedwera ntchito ndi mauthenga apafoni okuitanani Lamulungu. Ambiri amagonja chifukwa akafunsidwa kuti maolawo ndi angati, amangoti "ambiri zedi". Woweruza sangachulukitse ndalama ndi mawu oti ambiri.

Mukatero lemberani bwana kalata yaulemu, yokhala ndi tsiku ndi chiwerengero cha ndalama, inu n'kutsala ndi ina yofanana nayo. Ngati pantchito panu pali bungwe la ogwira ntchito, lidziwitseni, pakuti anthu khumi akafunsira limodzi bwana amamvetsera mosiyana ndi mmene amachitira ndi munthu mmodzi.

Zikakanika, pitani kuofesi ya zantchito ya boma, imene ambiri timangoti kuleba. Mkulu wa kumeneko amaitana mbali zonse ziwiri kuti mugwirizane. Bwana akakana kubwera kapena kulipira, nkhani imapita kubwalo la Industrial Relations Court, lomwe lili ndi ofesi mu Blantyre momwe muno. Amene sangakwanitse kulipira loya akhoza kukapempha thandizo ku Legal Aid Bureau. Ndisakunamizeni, njirayi ndi yaitali. Milandu imachedwa, ndipo mudzawononga ya minibasi kangapo. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo kuzengereza kumangochititsa kuti mboni zisamuke, makope atayike.

Za mantha ochotsedwa ntchito, gawo 57 la lamulo lomwelo limati kukadandaula kuti bwana akuphwanya malamulo si chifukwa chomveka chochotsera munthu ntchito. Bwana wochita zimenezo amadziitanira mlandu wachiwiri. Ndipo ngakhale munasiya kale ntchito, ngongole ya maola amene munagwira siifa tsiku lomwe mwatsanzika.

Komabe si bwino kusiyira wantchito yekha katundu yenseyu. Lamulo linapatsa akuluakulu a zantchito mphamvu zolowa m'malo antchito ndi kuona mabuku a malipiro. Unduna wa zantchito uwapatse galimoto ndi mafuta, ayende m'sitolo za ku Limbe ndi m'mafakitale a ku Makata ndi Chirimba cha m'ma 6 koloko madzulo, osati 10 koloko m'mawa pamene zonse zimaoneka zolongosoka.